Kutsika kwa chiberekero mwa amayi achikulire: mafunso ndi mayankho okhudza opaleshoni

Mafunso awa ndi amene amabwerabwera kuchokera kwa amayi achikulire amene chiberekero chawo chinatsika, komanso kwa ana ndi abale owasamalira. Mayankhowa akuthandizeni pokakambirana ndi dokotala wa matenda a amayi, koma sangalowe m'malo mwa kupimidwa.

Kodi kutsika kwa chiberekero n'kutani?

Chiberekero chimakhala pamalo pake chifukwa cha minofu ya pansi pa chiuno ndi minyewa yolimba imene imachikokera chakumbuyo ndi m'mbali. Zimenezi zikafooka kapena kung'ambika, chiberekero chimatsetsereka n'kulowa m'njira yoberekera. Poyamba mayi amangomva kulemera kumusiku, makamaka dzuwa likapendeka atakhala choimirira tsiku lonse. Kenako amayamba kumva chotupa pokhala pansi kapena posamba, ndipo pamapeto pake chimaonekera kunja.

Kawirikawiri chiberekero sichitsika chokha. Khoma lakutsogolo la njira yoberekera limatsika pamodzi ndi chikhodzodzo, ndipo lakumbuyo limatsika ndi thumbo la chimbudzi. N'chifukwa chake amayi ena amachita kukankhira chotupacho m'kati ndi chala kuti mkodzo utuluke, kapena kusindikiza kumusi kuti chimbudzi chithe.

Madokotala amagawa vutoli m'magawo 4 potsatira muyeso wotchedwa POP-Q, umene unayamba kugwira ntchito mu 1996. Pagawo 1 chiberekero chatsika koma chikadali m'kati ndithu, pagawo 2 chafika pakhomo la njira yoberekera, pagawo 3 chapitirira khomo, ndipo pagawo 4 chatulukiratu chonse.

Mayi anabereka kalekale. Bwanji vutoli laoneka lero?

Kuvulala kwenikweni kumachitika pobereka, makamaka ngati mayi anabereka ana ambiri, ana akuluakulu, kapena ngati matenda ankatenga nthawi yaitali mwana asanabadwe. Koma thupi la mayi wachitsikana limabisa kuvulalako kwa zaka zambiri. Mayi akasiya kusamba, mahomoni a estrogen amachepa, khungu la m'njira yoberekera limapyapyala, minofu n'kutha mphamvu. Pamenepo chilichonse chopanikiza mimba, monga chifuwa chosatha, kudzimbidwa, kunyamula katundu wolemera ndi kunenepa kwambiri, chimamalizitsa zimene zinayamba kale. Ena amatengera kumtundu, moti ngakhale mayi wosaberekapo vutoli limatha kumupeza.

Kodi ndi khansa? Tikangozisiya pangachitike chiyani?

Si khansa, ndipo sikusanduka khansa. Si matenda opatsirana, komanso si chilango cha khalidwe lililonse. Mayi asachite nazo manyazi.

Ngati kutsikako n'kochepa ndipo sikukusowetsa mtendere, palibe cholakwika kungokuyang'anira. Koma chiberekero chikatulukiratu nkhani imasintha. Khungu lake limauma n'kumakhulana ndi zovala mpaka kuchita zilonda. Chikhodzodzo sichikhuthula mkodzo wonse, choncho matenda a m'njira ya mkodzo amabwera pafupipafupi. Choopsa kwambiri, chimene ambiri sachidziwa, n'chakuti timachubu totsitsa mkodzo kuchokera ku impso timatha kupindika, mkodzo n'kumadzadza mu impso mwakachetechete mpaka kuziwononga. N'chifukwa chake mayi wa gawo 4 amamuyeza magazi kuona mmene impso zikugwirira ntchito, ndipo nthawi zambiri amamujambulanso impsozo.

Pali kuwonongeka kwina kumene makina sakuona. Mayi amasiya kuyenda, amapewa kukhala pagulu poopa fungo, amakhala chopendekeka pampando. Munthu wachikulire akasiya kuyenda, mphamvu zimatha msanga. Kumusiya mayi wotere ponena kuti "wakula kale" si chifundo.

Kodi aliyense amafunika opaleshoni?

Ayi. Choyamba chimene pafupifupi mayi aliyense amayenera kupatsidwa mwayi woyesa ndi pessary. Aka ndi kachipangizo ka silikoni kamene amakalowetsa m'njira yoberekera kuti kachirikize chiberekero. Kodziwika kwambiri n'kozungulira ngati mkombero, ndipo kwa amene chiberekero chinatsika kwambiri pali ka mtundu wa Gellhorn, kokhala ndi mutu wotambalala ndi katsinde. Pessary ikakhala bwino mayi saimva n'komwe. Amaichotsa, kuitsuka ndi kuona ngati sinasiye zilonda pakapita miyezi 3 mpaka 6, ndipo nthawi zambiri amapereka mafuta a estrogen opaka m'kati kuti khungu lilimbe. Amayi ambiri amakhala nayo zaka ndi zaka osafuna china.

Masewera olimbitsa minofu ya pansi pa chiuno, amene dokotala Arnold Kegel anawafotokoza mu 1948, amathandiza vuto likadali laling'ono. Sangabwezeretse chiberekero chimene chili kale kunja.

Opaleshoni imaganiziridwa pamene pessary ikungogwa, ikupweteka, ikuyambitsa zilonda ndi kutaya magazi mobwerezabwereza, pamene mayi sangathe kumapita kuchipatala kukaisinthitsa, kapena pamene mwiniwake wanena kuti saifuna.

Amayi athu ali ndi zaka zoposa 80. Kodi sanakalambe kwambiri moti sangapirire opaleshoni?

Zaka pazokha si zimene zimagamula. Pali amayi a zaka 85 amene amadzichapira, kudziphikira ndi kuyenda okha, ndipo pali a zaka 68 amene kudzuka pampando kokha ndi ntchito. Chimene dokotala amafuna kudziwa ndi mphamvu zotsala m'thupi, zimene munthu angachire nazo akachitidwa opaleshoni.

Mu 2001 Linda Fried ndi anzake ku United States anatchula zizindikiro 5 za thupi lofooka ndi ukalamba: kuonda popanda chifukwa, kutopa nthawi zonse, manja osagwira zolimba, kuyenda pang'onopang'ono, ndi kusagwiragwira ntchito. Wokhala ndi zizindikiro 3 kapena kuposa amaonedwa kuti ndi wofooka. Palinso kuyeza kwina kosavuta kumene kumachitikira m'chipinda cha dokotala momwemo. Mayi amakhala pampando, amauzidwa kuti adzuke, ayende mamita 3, atembenuke, abwerere n'kukhalanso, namwino akuwerenga nthawi. Amene watenga masekondi opitirira 12, kapena amene walephera kudzuka osagwira m'mbali mwa mpando, amafunika kumusamala mwapadera.

Kupezeka wofooka sikutanthauza kuti opaleshoni yaletsedwa. Kumatanthauza kusankha opaleshoni yaifupi, yotaya magazi ochepa, ndi kukonzekera bwino isanachitike.

Pali maopaleshoni a mitundu ingati?

Magulu akuluakulu ndi awiri. Gulu loyamba ndi lokonza: chiberekero amachichotsa kapena kuchikweza, ndipo njira yoberekera imatsala yotseguka, moti mayi angathe kupitiriza kukhala malo amodzi ndi mwamuna wake. Izi amachita podzera kumusi, kapena pamimba, pong'amba kapena poboola timabowo tolowetsera kamera. Gulu lachiwiri ndi lotseka: njira yoberekera amaisoka kuti chiberekero chisapezenso potulukira. Opaleshoni yotsekayi imatchedwa colpocleisis.

Kwa mayi wofooka, madokotala ambiri amakonda kudzera kumusi chifukwa mimba sing'ambidwa, ululu umachepa, ndipo munthu amadzuka msanga. Mwa maopaleshoni onse, colpocleisis ndiyo yopepuka kwambiri pathupi.

Colpocleisis imachitika bwanji?

Njira yodziwika kwambiri imatchedwa dzina la Léon Le Fort, dokotala wa ku France amene anaifotokoza mu 1877. Chiberekero sichichotsedwa. Dokotala amachikokera kunja pang'ono, n'kulemba chigawo cha ngodya zinayi pakhoma lakutsogolo la njira yoberekera ndi china chofanana nacho pakhoma lakumbuyo. Amasenda kakhungu kapamwamba pazigawo ziwirizo, kusiya timizere ta khungu m'mbali zonse ziwiri. Kenako amasoka malo osendedwa akutsogolo ndi akumbuyo pamodzi, mzere ndi mzere, kuyambira pafupi ndi khomo la chiberekero. Mzere uliwonse ukasokedwa, chiberekero chimabwerera m'kati pang'ono, mpaka chonse chalowa. Makoma awiriwo amamatana pochira. Timizere tosiyidwa m'mbali tija timasanduka tinjira tiwiri ting'onoting'ono, totulukira chinyezi kapena magazi ochokera m'chiberekero. Pomaliza ambiri amalimbitsanso minofu ya pakhomo la njira yoberekera kuti khomolo lichepe. Ulusi wake ndi wosungunuka wokha.

Ngati chiberekero chinachotsedwa kale ndipo chimene chatuluka ndi denga la njira yoberekera, amasenda khungu lonse n'kutsekeratu popanda kusiya tinjira. Pamene chiberekero chili ndi vuto lina, amatha kuchichotsa kaye n'kutseka pambuyo pake, koma zikatero opaleshoni imatalika ndipo magazi amatayika ambiri.

Ubwino wake ndi waukulu. Nthawi zambiri imatha pa ola limodzi kapena kupitirira pang'ono, sifuna kutsegula m'mimba, ndipo mwa amayi 10 aliwonse, oposa 9 vuto lawo silibwereranso. Maopaleshoni ena odzera kumusi nthawi zambiri safika pamenepa.

Njira ikatsekedwa, mayi adzakodza bwanji? Nanga nkhani ya m'banja?

Mkodzo uli ndi njira yakeyake, chimbudzinso chimodzimodzi. Zonsezi sizikhudzidwa, ndipo ambiri amayamba kukodza mosavuta kuposa kale. Kunja kumaoneka monga mwa masiku onse, moti munthu sangadziwe pongoyang'ana. Njira yoberekera imatsala yaifupi kwambiri, masentimita ochepa chabe.

Chimene chimatha ndi kugonana kolowetsa, ndipo chimatheratu, chifukwa opaleshoniyi sibwezedwa. Ziwalo zakunja zimene mayi amamva nazo kukoma zimatsala mmene zinalili, kotero kugwirana ndi kusangalatsana m'njira zina kumatheka.

Apa m'pamene mabanja ambiri amalakwitsa. Ana amaganiza kuti mayi a zaka 75 nkhani zimenezi anazisiya kale, n'kuwayankhira pamaso pa dokotala. Mayiwo, poopa kuchita manyazi pamaso pa ana awo, amangovomera. Funso limeneli liyenera kufunsidwa mayi ali yekha, ana atatuluka m'chipinda, ndipo apatsidwe masiku oganiza. Ngati ali pabanja, ndi bwino akambirane ndi amuna awo. Wamasiye afunsidwenso, pakuti za mawa sizidziwika. Kafukufuku wosiyanasiyana amasonyeza kuti amayi amene anasankha okha colpocleisis atamvetsa bwino amakhutira nayo, ndipo odandaula pambuyo pake ndi ochepa, kawirikawiri osaposa mmodzi mwa 10. Mayi amene akukayikakayika asachitidwe opaleshoniyi. Asankhe imodzi mwa zokonza zimene zafotokozedwa m'munsimu.

N'chifukwa chiyani amayeza khomo la chiberekero ndi m'kati mwake asanatseke?

Chifukwa njira ya Le Fort ikachitika, khomo la chiberekero limabisika kuseri kwa msoko. Dokotala sangalionenso kapena kutengapo kanyama kokayeza mosavuta. Choncho asanatseke ayenera kutsimikiza kuti palibe khansa kapena chiyambi chake. Amayeza khomo la chiberekero, ndipo ambiri amajambulanso chiberekero kuona kukhuthala kwa khungu lake la m'kati. Ngati mayi anatayapo magazi atasiya kale kusamba, amatenga kanyama ka m'kati kukakayeza.

Musafulumire kunena kuti magazi akuchokera pachilonda chokhulika basi. Mwina n'zoona, koma khansa ya m'chiberekero imayambanso ndi chizindikiro chomwecho, ndipo imakonda amayi a msinkhu womwewu. Pambuyo pa opaleshoni, magazi alionse otuluka m'tinjira ta m'mbali tija, chilonda chitapola kale, ndi chifukwa chokwanira chobwererera kuchipatala.

Bwanji osangochotsa chiberekero n'kuthana nazo?

Kuchotsa chiberekero podzera kumusi ndi opaleshoni yakale, yodalirika, ndipo amayi achikulire ambiri amene akadali ndi mphamvu amaipirira bwino. Koma wolakwa si chiberekero. Vuto ndi minyewa yochigwira imene inafooka. Mukachotsa chiberekero chokha osamangirira denga la njira yoberekera, dengalo limatha kudzatsika nalonso, mayi n'kuonanso chotupa pomwe anauzidwa kuti chiberekero alibe.

Choncho funsani dokotala kuti denga adzalimangirira pati. Njira zodziwika ndi ziwiri. Ena amalisokerera ku minyewa yomwe ija inkagwira chiberekero kumbuyo, yotchedwa uterosacral. Ena amalimangirira ku mnyewa wolimba wa m'kati mwa thako, wotchedwa sacrospinous. Kafukufuku wa OPTIMAL wa ku United States, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2014, anapeza kuti njira ziwirizi sizisiyana kwenikweni pa kapambanidwe kake. Iliyonse ili ndi vuto lake. Yoyamba imadutsa pafupi ndi kachubu kochokera ku impso, kamene kamatha kupindika ndi ulusi, n'chifukwa chake madokotala ambiri amasuzumira m'chikhodzodzo ndi kamera asanamalize. Yachiwiri imasiya ululu m'thako, umene kwa ambiri umatha pasanathe masabata 6. Ngati chikhodzodzo kapena thumbo zinatsikanso, makoma akutsogolo ndi akumbuyo amawakonzera limodzi.

Kodi n'zotheka kukweza chiberekero osachichotsa?

N'zotheka. Njira ina ndi kusokerera khomo la chiberekero ku mnyewa wa sacrospinous uja. Imatenga nthawi yochepa ndipo magazi amatayika ochepa poyerekeza ndi kuchotsa chiberekero. Kafukufuku wa ku Netherlands wotchedwa SAVE U, wofalitsidwa mu 2015, anapeza kuti zotsatira zake sizichepera pa za kuchotsa chiberekero. Njira ina ndi ya Manchester, imene dokotala Archibald Donald anaiyamba mumzinda wa Manchester ku England mu 1888. Amadula khomo la chiberekero ngati linatalika, n'kufupikitsa minyewa ya m'mbali. Imayenera kwambiri mayi amene khomo ndilo latalika pomwe chiberekero chenichenicho sichinatsike kwambiri.

Pali inanso yodzera pamimba, imene amakokera chiberekero kapena denga la njira ku fupa la kumunsi kwa msana pogwiritsa ntchito kansalu ka pulasitiki kotchedwa mesh. Imakhalitsa kwambiri, koma imatenga maola angapo, imafuna kugonetsa tulo, ndipo akamagwiritsa ntchito kamera amapopera mpweya m'mimba wodwala atagonekedwa mutu uli chotsika. Mtima ndi mapapo ofooka zimavutika ndi zimenezi. Kwa mayi wofooka si njira yoyamba kuiganizira.

Tinamva kuti mesh ndi yoopsa. N'zoona?

Mesh ndi kansalu ka timaukonde kopangidwa ndi pulasitiki ya polypropylene, kamene kamatsala m'thupi mpaka kalekale. Imene inabweretsa mavuto aakulu ndi yoikidwa podzera kumusi pokonza kutsika kwa ziwalo. Mwa amayi ena inkaboola khungu n'kuonekera, kuyambitsa ululu wosatha, ngakhale kulowa m'chikhodzodzo. Australia inachotsa pamsika mesh yamtunduwu mu 2017, England inaimitsa kugwiritsa ntchito kwake mu 2018, ndipo bungwe loona za zakudya ndi mankhwala la ku United States, lotchedwa FDA, linalamula mu April 2019 kuti isagulitsidwenso. Mesh yoikidwa podzera pamimba ikugwirabe ntchito, ndipo mavuto ake ndi ocheperapo ngakhale alipo.

Colpocleisis ndi maopaleshoni ena odzera kumusi amene tafotokoza amagwiritsa ntchito minofu ya mayi mwiniwake ndi ulusi basi. Muli ndi ufulu wofunsa ngati padzaikidwa chinthu chilichonse chotsalira m'thupi.

Adzagonetsedwa tulo kapena adzabayidwa pamsana?

Maopaleshoni ambiri odzera kumusi amatheka ndi jakisoni wa pamsana, amene amachititsa dzanzi kuyambira m'chiuno kutsika, mayi ali maso. Ubwino wake n'ngwakuti saikidwa chubu pakhosi, nseru imachepa, ndipo amayamba kudya msanga. Komabe si aliyense angabayidwe pamsana. Amene akumwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi, amene msana wawo unapindika kwambiri, ndi amene ali ndi matenda ena a mavavu a mtima, angafunike njira ina. Kwa mayi wofooka kwambiri, njira ya Le Fort imatheka ngakhale ndi jakisoni wa dzanzi wobaya pamalo pomwepo, pamodzi ndi mankhwala okhazika mtima pansi ndi kuodzeretsa pang'ono.

Uzani madokotala ngati mayi ali ndi nyamakazi ya m'chiuno kapena m'mawondo, kapena ngati anaikidwapo chitsulo. Opaleshoni yodzera kumusi imachitika miyendo itakwezedwa ndi kutambasulidwa, ndipo ndi bwino kuyeserera kakhalidwe kameneka mayi akadali maso kuti anene pamene pakupweteka.

Bwanji amayi ena amayamba kuthawitsa mkodzo atachitidwa opaleshoni, pomwe kale sankatero?

Chiberekero chikatsika kwambiri chimapinda njira ya mkodzo, monga mmene paipi yothirira imasiyira kutulutsa madzi ikapindika. Kupindikako kumabisa kufooka kwa minofu yotseka mkodzo. Opaleshoni ikawongola njirayo, kufookako kumaonekera, mayi n'kumadontha akatsokomola, akayetsemula kapena akaseka. Si kuti dokotala walakwitsa.

Pofuna kudziwiratu, dokotala amabwezera chiberekero m'kati ndi chala kapena pessary chikhodzodzo chili chodzadza, n'kuuza mayi kuti atsokomole. Ngati mkodzo wathawa, amakambirana zoika kalamba kochirikiza njira ya mkodzo pa opaleshoni yomweyo, kapena kudikira kuona mmene zikhalire. Kalambako nthawi zambiri kamakhala ka mesh, ndipo mwa achikulire amene chikhodzodzo chawo n'chofooka kamatha kuchititsa kuti mkodzo uzikanika kutuluka. N'chifukwa chake madokotala ena amakonda kudikira. Mkodzo wobwera mwadzidzidzi, woti munthu safika nawo kuchimbudzi, ndi vuto lina. Umachepa mwa ena pambuyo pa opaleshoni, koma palibe angalonjeze.

Chiberekero chotuluka chili ndi zilonda. Opaleshoni ingachitike choncho?

Amayamba apoletsa zilondazo. Chiberekero amachibwezera m'kati n'kuchigwiriziza ndi pessary kapena nsalu yachipatala yonyowetsedwa ndi mankhwala, imene amaisintha tsiku ndi tsiku, ndipo amapaka mafuta a estrogen. Chikakhala m'kati kutupa kumaphwa, magazi amayenda bwino, ndipo zilonda zambiri zimapola m'masabata ochepa. Chilonda chokana kupola, cholimba m'mbali kapena chotuluka magazi chikangokhudzidwa, amadulapo kanyama kukayeza khansa. Kunyumba musapakepo mankhwala owawa kapena sopo wamphamvu. Madzi oyera ndi mafuta ofewetsa khungu n'zokwanira podikira tsiku lokaonana ndi dokotala.

Nanga amene ali ndi shuga, kuthamanga kwa magazi kapena matenda a mtima?

Opaleshoni imeneyi si yadzidzidzi, choncho nthawi yokonzekera ilipo, ndipo igwiritsidwe ntchito. Shuga akhale wotsika bwino, chifukwa akakwera chilonda chimachedwa kupola ndipo chimalowa mafinya. Kuchepa kwa magazi kuchizidwe. Chifuwa ndi kudzimbidwa zithetsedwe, poti zonsezi zimakoka ulusi. Wosuta fodya asiye masabata angapo opaleshoni isanachitike. Mayi adye mokwanira ndipo aziyenda tsiku lililonse mmene angathere.

Tengani mankhwala onse amene mayi amamwa, m'mapaketi ake, mukawaonetse kuchipatala, kuphatikizapo azitsamba ndi ogula okha. Warfarin, clopidogrel ndi ena ochepetsa kuundana kwa magazi amafunika kuimitsidwa kapena kusinthidwa masiku angapo opaleshoni isanachitike, koma musawasiye panokha. Dokotala ndiye anene tsiku losiyira ndi loyambiranso.

Ndi zoopsa ziti zimene tiyenera kudziwa?

Zofala kwambiri ndi matenda a m'njira ya mkodzo ndi kukanika kukodza masiku oyamba, kumene kumafuna kuti kachubu ka mkodzo kakhalepo kanthawi. Zosachitikachitika ndi kutaya magazi ambiri, mafinya, ndi kuvulala kwa chikhodzodzo, thumbo kapena kachubu kochokera ku impso. Imfa imachitika mwa apo ndi apo kwambiri, koma mpata wake umakula mwa amene apitirira zaka 80 ndi amene ali ndi matenda aakulu a mtima kapena mapapo, ndipo dokotala woona mtima amanena zimenezi poyera.

Mwa okalamba, mavuto ambiri sachokera pachilonda. Amachokera pa kugona pabedi: chibayo, magazi kuundana m'mitsempha ya m'miyendo, kugwa podzuka, ndi kusokonezeka mutu. Kusokonezekaku kumadzidzimutsa abale. Mayi amene dzulo ankacheza bwinobwino amayamba kuzula machubu usiku, osazindikira ana ake, kapena amangoti zii, osayankha. Si misala ndipo si ufiti. Kumabwera ndi ululu, kuchepa kwa madzi m'thupi, mkodzo wotsekeka, matenda kapena mankhwala ena ogonetsa, ndipo kawirikawiri kumatha gwero lake likapezeka. Uzani anamwino msanga. Mayi akhale ndi magalasi ake, chothandizira kumva ngati amavala, ndi munthu amene amamudziwa pafupi.

Kuchira kumatenga nthawi yaitali bwanji?

Pambuyo pa opaleshoni yodzera kumusi, ambiri amatuluka m'chipatala pakapita tsiku limodzi mpaka masiku 3. Amadzutsidwa kuti ayende tsiku lomwelo kapena lotsatira. Abale ena amaona ngati anamwino akuchita nkhanza, koma kuyendako ndiko kumateteza ku mavuto amene tatchula m'yankho lapitali. Timagazi ndi chikazi chofiirira zimatuluka kwa masabata angapo pamene ulusi ukusungunuka.

Kwa masabata pafupifupi 6 mayi asanyamule zolemera, asadzikakamize kuchimbudzi, ndipo asalowetse kanthu m'njira yoberekera. Amwe madzi okwanira ndi mankhwala ofewetsa chimbudzi ngati wapatsidwa. Koma asagonekedwe tsiku lonse ngati wodwala kwambiri. Bwererani kuchipatala msanga ngati thupi latentha, magazi akutuluka ambiri kapena a zibuma, chikazi chikununkha, mkodzo wakanika, mwendo umodzi watupa, akubanika, kapena wayamba kusokonezeka.

Kodi chiberekero chingatsikenso?

Pambuyo pa colpocleisis sizichitikachitika. Pambuyo pa maopaleshoni okonza zimachitika ndithu, chifukwa minofu yosokedwayo ndi yomwe ija yofooka. Dokotala akamapima patapita zaka amatha kupeza kuti khoma lina, makamaka lakutsogolo, latsikanso pang'ono, koma ambiri mwa amayiwo samva chilichonse, ndipo ofunika opaleshoni yachiwiri ndi ochepa. Kukatsikanso, pessary imathekabe, ndipo colpocleisis imathekanso ngakhale kwa amene anachitidwapo opaleshoni ina.

Amayi athu ali ndi matenda oiwalaiwala. Ndani ayenera kusankha, ndipo chabwino n'chiti?

Kuiwalaiwala sikuchotsa ufulu wa munthu nthawi imodzi. Amayi ambiri amene matendawa angowayamba amatha kumvetsa akafotokozeredwa pang'onopang'ono, m'mawa mutu uli bwino, ndi mawu osavuta, mwina kawiri kapena katatu. Ngati angathe kubwereza m'mawu awoawo zimene zidzachitike ndi zimene adzataye, chisankho n'chawo. Ngati sangathe, wowaimira malinga ndi malamulo a dziko lanu asankhe poganizira zimene mayiwo akanafuna akanakhala bwino, osati zimene zingapepukitse ntchito ya owasamalira.

Palibe njira yopanda vuto apa. Pessary imaoneka yofatsa, koma kuisintha kumatha kukhala nkhondo kwa mayi amene samvetsa chifukwa chimene akumugwirira kumusi. Pessary yoiwalika kwa zaka imadya khoma mpaka kuboola chikhodzodzo kapena thumbo, mkodzo kapena chimbudzi n'kumatulukira m'njira yoberekera. Ngati mwasankha pessary, munthu mmodzi m'banja alembe tsiku loisintha, ndipo aliyense wosamalira mayiwo adziwe kuti ilimo. Opaleshoni nayo ili ndi mpata waukulu wosokoneza mutu mwa odwala otere, ndipo ena sabwereranso mmene analili. Ngati chotupacho sichikuwapweteka, chilibe zilonda, mkodzo ukutuluka ndipo impso zili bwino, kungosamalira khungu ndi kuyang'anira n'kokwanira. Ngati pali zilonda zosapola, mkodzo wotsekeka kapena impso zayamba kutupa, ndipo pessary yakanika, colpocleisis yochitidwa ndi jakisoni wa dzanzi ndiyo imene madokotala ambiri angalangize.